Dzungu la Namasina

Namasina anafa usiku wa Lolemba pa 14 Julaye 2025, kutatsala masiku anayi kuti lole ibwere kudzamutenga. Anali njovu yaikazi ya zaka makumi atatu, njovu yokhayo ya mu Zuu ya Nkoloma, kumapeto kwa Misesa. Pofika teni koloko m'mawa wa Lachiwiri, munthu amene anamusamalira kwa zaka 27, Ambrosi Semba, anali m'chitokosi cha apolisi, lamba ndi nsapato atavula.

Sajeni Evelina Makwinja anapatsidwa fayilo hafu pasiti teni. Munali pepala limodzi lokha, la dokotala wa nyama, lonena kuti njovuyo inadya chiphe.

"Mlandu wapsa kale uwu," anatero bwana wake. "Njovu ija sinkadya za m'manja mwa munthu wina. Lachinayi teni koloko akaonekere kukhoti."

Evelina anawerengera mumtima. Ambrosi anali ndi zaka 58, ndipo wopha njovu lamulo limalola kum'manga mpaka zaka makumi atatu. Akalowa, sadzatulukamo akuyenda.

*

Khola la Namasina linali la simenti, mapazi makumi anayi mulitali. Khoma la kummwera linali latsopano, lomangidwa pambuyo poti lakale linagwa ndi matope a namondwe wa Freddy. Mtembo anali ataufunditsa malona atatu, koma mwendo umodzi unali poyera, ndipo Evelina anaona kuti zikhadabo zake zinali zong'ambika, kuphazi kuli chilonda chachikulu ngati mbale.

Mlonda wa pageti, Wahabu, anali mkulu wowonda wovala chipewa choyera ndi jekete lomukulira.

"Wallahi, mayi, ine ndinamumva," anatero. "Seveni koloko madzulo. Kubuula ngati galimoto yokana kulira. Ndinaimbira a Ambrosi, foni yozima, kwawo ku Manje kunalibe magetsi. Ndinaimbira adona, eni zuu ino, kasanu, osayankha. Ine ndilowe m'khola? Ine ntchito yanga ndi geti."

"Lolemba analowa ndani?"

"Ana a sukulu m'mawa, anatuluka leveni. Adona thu koloko mpaka fili. Basi."

"A Ambrosi anafika nthawi yanji?"

"Sikisi, monga mwa masiku onse. Ndi dzungu lawo pamutu."

"Dzungu?"

"Lalikulu, eetu. Ndinawaseka, ndati achimwene mwasanduka mkazi wa kudimba? Ati ayi, ndi kamba wa paulendo wa mtsikana wanga. Analisunga m'sitolo tsiku lonse. Anaipatsa njovuyo chakumapeto, kota tu faifi, akuweruka."

Evelina analemba nthawiyo. Kenako analowa m'khola ndi kuyenda m'mbali mwa khoma, maso pansi. Zotsalira za chakudya zinali mbwee: misinde ya mizimbe, kabichi, mapapaya osapsa. Pafupi ndi chomwera madzi panali makoko a dzungu ophwanyika, monga limakhalira dzungu njovu ikaliponda. Pakati pa makokowo anatola kachidutswa kamodzi kosiyana ndi tinzake. Kanali kozungulira bwino ngati chivindikiro cha botolo la jamu, kamtengo ka dzungu kali pakati. M'mphepete mwake munali phula la kandulo, lopakidwa dothi pamwamba kuti lisaoneke.

Wina anali ataboola dzungulo ndi mpeni, n'kulitsekanso.

*

Ida Nkoloma, mwana wa malemu mwini zuuyo, anamulandira muofesi momwe munali makatoni omangidwa kale. Anali ndi mafoni awiri, ndipo onse ankalira mosinthana.

"Sajeni, ndakhala ndikulimbana ndi nkhaniyi zaka ziwiri ndi miyezi inayi," anatero. "Chigwere khoma. Pemiti ya boma ndili nayo. Malo opumulirako njovu zokalamba kuchigwa cha Shire anavomera, mahekitala zikwi ziwiri, njovu zina zisanu. Lole yalipiridwa ndi azungu. Ndiye taonani."

"Ankakana kuti ipite ndani?"

"Ndani sankakana? Komiti ya m'dera muno, amayi a mandasi pageti, mahedimasitala. Ati njovu ndi yathu. Yanu bwanji? Bambo anga anaitenga mu 1998 ili kamwana kamasiye, mapepala ali m'dzina lawo, ndipo wilo inasiyira ine. A boma nawo ati njovu iliyonse m'dziko muno ndi ya boma, inu ndinu osunga chabe. Aliyense mwini wake. Koma bilu ya mankhwala a mapazi ikabwera, mwini wake ndimatsala ndekha."

"A Ambrosi ankati chiyani?"

Ida anatembenuza foni imodzi chafufumimba.

"Sindinawafunse."

"Zaka 27, osawafunsa?"

"Ndi wantchito, Sajeni. Ndinawauza tsiku, basi. Mukafuna kudziwa za mumtima mwawo, kafunseni a Gregorio Alufandika, tcheyamani wa komiti. Ndi akwawo, onse a ku Nsanje. Akatsokomola a Ambrosi, a Gregorio ndiye amalavula."

"Wahabu anakuimbirani kasanu Lolemba madzulo."

"Ndinali pa msonkhano wa pa intaneti ndi anthu a lole, kuyambira hafu sikisi mpaka eyiti. Anthu asanu ndi awiri anandiona." Anayang'ana foni ija. "Ndinawaona mamisikolo. Ndinati ndi za malipiro."

*

Ambrosi anamutulutsa m'chitokosi thu koloko. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, manja ake okhakhala ngati khungwa. Anakhala pa benchi mawondo ataphatikiza, monga akhalira anthu m'tchalitchi.

"Bambo Semba, dzungu lija munalitenga kuti?"

Anayang'ana khoma.

"Ndinagula."

"Kuti?"

"Ku msika wa Zingwangwa."

"Liti?"

"Loweruka."

"Kwa ndani?"

"Mayi wina. Sindimudziwa dzina."

"Munali chiphe m'dzungumo. Mukudziwa?"

"Nkhabe," anatero m'Chisena, kenako anabwereza. "Ayi. M'dzungumo munalibe kanthu. Fufuzani kwina, mayi. Fufuzani madzi, fufuzani mizimbe."

"Mukudziwa kuti mukapezeka wolakwa ndi zaka makumi atatu?"

"Amuika kale?" anafunsa Ambrosi. "Musalole amusiye padzuwa. Ntchentche amadana nazo."

Evelina anatseka buku lake. Anali atafunsapo akuba, achiwembu ndi zidakwa, ndipo bodza ankalidziwa kamvekedwe kake. Bodza la munthu wodzipulumutsa limathamanga ndipo limachuluka mawu. La Ambrosi linali lalifupi ndi lolemera, ngati katundu wa munthu wina.

*

Ku msika wa Zingwangwa anafika folo koloko. Zotsala za amayi a masamba ndi zipatso ndi zimene zinkadyetsa Namasina kuyambira kale, ndipo wozisonkhanitsa anali mayi Chiyamiko, wogulitsa kabichi, wa mawu omveka mizere itatu.

"A Ambrosi kugula dzungu?" anaseka, koma misozi ili m'maso. "Amwali, tamvani izi! Apolisi akuti a Ambrosi anagula dzungu!"

"Kuno?" anayankha wina kuseri kwa matimati. "Munthu uja chinthu amagula muno ndi mchere basi."

"Loweruka anabwera?" anafunsa Evelina.

"Anabwera ndi wilibala yake naini koloko, matumba anayi. Ndinamanga ndekha. Kabichi, mapapaya, nthochi zovunda, mizimbe. Dzungu ayi. Julaye uno dzungu ndi golide, mayi. Timakonda njovu, koma sitinapenge. Ogulitsa maungu muno ndi awiri, uyo ndi uyo, afunseni."

Evelina anawafunsa. Onse anakana.

"Ndiye mwamangiranji munthu?" anapitiriza mayi Chiyamiko. "Munthu woti chinthu chilichonse amayamba waching'amba ndi chikwanje asanamupatse mtsikana wake? Kabichi panayi, papaya pawiri, ngakhale nthochi amaifinya."

"Chifukwa chiyani?"

"Mu 2009 njovu ija inameza waya wa m'thumba la mbatata, inatsala pang'ono kufa. Chiyambire pamenepo, kaya chachokera kwa ine, kaya kwa adona, kaya kwa mzungu wodzaona nyama, chikwanje kaye. Tinkachita kukwiya nazo. Ine ndinawafunsapo, a Ambrosi, mukundiyesa mfiti? Ati pepani mlongo, ndi lamulo langa."

"Analiphwanyapo lamulolo?"

"Ine sindinaone."

Evelina anakumbukira zotsalira za m'khola. Kabichi anali wodulidwa panayi, mapapaya pawiri, mizimbe m'zidutswa zofanana. Chinthu chimodzi chokha ndicho sichinakumane ndi chikwanje.

"Za kusamuka kwa njovu munkati bwanji kuno?"

"Ife? Tinadinda zala pa pepala la a Gregorio, anthu mazana anayi. Tadyetsa chinyama chija zaka zonsezi, ndiye chichoke ngati munthu wa lendi wothawa usiku, osatsanzika? Pepalalo linapita ku maofesi, yankho mpaka lero. Ife ndife a kabichi, mayi. Timafunika pa nthawi ya njala basi."

*

Lachitatu eyiti koloko m'mawa, Evelina anakwera njira ya miyala ya ku Manje. Nyumba ya Gregorio Alufandika inali pamalo okwera, imodzi mwa zochepa zomwe matope anazilambalala. Mwini wake anali mphunzitsi wopuma, wa imvi zometedwa bwino, kolona ili m'khosi. Anatulutsa mipando iwiri pakhonde ndi fayilo yabuluu.

"Mwachita bwino kubwera, mwana wanga," anatero. "Ndimati nditsike ndekha. Ine ndi Ambrosi tinakwera sitima imodzi kuchokera ku Nsanje mu 1989. Ukwati wake nkhoswe ndi ine. Freddy atagumula nyumba yake pa 13 Malichi, anagona m'chipinda icho miyezi itatu, iye ndi mkazi wake. Ndiye zimene ndinenezi zikundiwawa kuposa dzino."

"Lolemba munali kuti, bambo?"

"Ku maliro ku Chilomoni. Ndinanyamuka seveni m'mawa, ndinabwera seveni madzulo. Mwambo wa kumanda ndinatsogolera ndine. Ku zuu ndinapondako komaliza pa 28 Juni, mukaone m'buku la Wahabu."

"Inu munkatsutsa zoti njovu ipite."

"Ndinkatsutsa zoti atiuze ngati ana." Anatsegula fayilo. "Kalata yoyamba, 6 Novembala 2023. Yachiwiri, 19 Epulo 2024. Yachitatu ili ndi zala 412. Sitinati isapite zivute zitani. Tinati tikhale pansi. Mwana wa ku Manje akafuna kuona njovu adzapita kuti? Ali ndi ndalama ya basi ya kuchigwa? Mtsikana wa Nkoloma wakulira kunja, wabwera ndi laputopu, wagamula. A boma adinda. Azungu aombera m'manja. Ife amene timamva kulira kwake m'mawa uliwonse, palibe anatifunsa. Lole ija ikanangobwerera kamodzi kokha yopanda kanthu, akanatimvera."

"Ikanabwerera chifukwa chiyani?"

"Njovu yodwala sainyamula. Ndi lamulo lawo lomwe, lili pa tsamba lachitatu la pemiti." Anatseka fayilo. "Koma izi ndi zakale tsopano."

"A Ambrosi munawaona liti komaliza?"

"Lamulungu, titatuluka Misa yachiwiri. Anakhala pampando mwakhalapowo." Gregorio anapukuta magalasi ake nthawi yaitali. "Anali wosokonezeka. Anati, achimwene, kusiyana n'kuti Namasina akwere lole, bola afere m'manja mwanga. Ndinamudzudzula. Ndinaganiza kuti ndi mawu a chisoni chabe."

"Mungasayinire zimenezi?"

"Choonadi sichiona nkhope," anatero Gregorio, ndipo anasayina dzina lake lonse, ndi tsiku, ndi nthawi.

Potsika, Evelina anadutsa kuseri kwa nyumba. Kunali kadimba kotchingidwa ndi malata akale, ndipo pa denga la khitchini panali maungu asanu oyanikidwa, akuluakulu, a khungu lotuwa. Pakati pa lachitatu ndi lachinayi panali mpata, fumbi la padenga litasiya chizindikiro chozungulira.

*

Dokotala wa nyama anaimba leveni koloko, Evelina ali mu minibasi.

"Ndi tameki, mankhwala a makoswe aja," anatero. "Pa kachivindikiro munanditumizira kaja ali mbuu. Mapaketi mwina khumi."

"Khumi angaphe njovu?"

"Anthu amaganiza kuti chinyama chikakula, chiphe chimachepa mphamvu. Amayeza ndi maso: khoswe paketi imodzi, ndiye njovu ikadya mapaketi khumi ingotsekula m'mimba. Tameki sayenda choncho. Theka lake likanakwana."

Evelina anatsika pa siteji, n'kuima pansi pa mthunzi wa shopu ya matayala kuti aganize bwino. Njovu siyang'ana dzungu ngati labooledwa. Imaliponda n'kudya. Ambrosi akanafuna kuipha, akanathira chiphe m'madeya kapena m'kabichi wodula kale, m'sitolo momwe ankakhala yekha tsiku lonse, popanda kusenza dzungu pamutu kudutsa pamaso pa mlonda. Phula lija ndi dothi lija sizinali zonamiza njovu. Zinali zonamiza munthu. Ndipo wozipakayo ankadziwa kuti dzungu lakelo, mwa zinthu zonse zolowa m'khola lija, silikumana ndi chikwanje.

Mpata wa padenga sukanaima pakhoti. Maungu amafanana. Pankafunika pakamwa pa Ambrosi, ndipo panali patatsala maola 23.

*

Anamutulutsanso thwelofu koloko. Maso a Ambrosi anali ofiira, ndevu zitayamba kumera zoyera.

"Ku Zingwangwa simunagule dzungu," anatero Evelina. "Ndafunsa onse awiri ogulitsa."

Anatsegula buku lake n'kupitiriza.

"Chiyambire 2009 mumang'amba chilichonse. Za mayi Chiyamiko, za adona, za azungu. Dzungu ili simunang'ambe. Chifukwa chiyani?"

"Ndinaiwala."

"Munalisunga maola khumi ndi limodzi m'sitolo, chikwanje chili pompo. Simunaiwale, bambo. Munachita manyazi."

Ambrosi anakweza maso koyamba.

"Inu ndinu a kuti, mayi?"

"Ku Chiradzulu."

"Ndiye mukudziwa. Munthu amene unagona m'nyumba mwake, amene mkazi wake anachapa matope pa zovala zako, akakupatsa chinthu ndi manja awiri, iwe n'kutenga chikwanje kuti uone zam'kati, wamutcha chiyani? Ngakhale iye palibe, Mulungu akuona. Ine sindinaleredwe choncho."

"Ndani ameneyo?"

"Munthu ameneyo sangachite zimenezi. Mukamugwira, mumuvutitsa chabe, ndi wamkulu, ali ndi shuga. Chiphe chinalowera kwina."

"Za kusamuka kwa Namasina, inu munkafuna chiyani?"

Funsolo linamudzidzimutsa. Anakhala kanthawi akusisita mawondo.

"Ndinu woyamba kundifunsa," anatero. "Poyamba ndinkakana. Ndinadinda nawo chala. Koma mwezi wa Meyi adona ananditumiza kukaona malo aja, kuti ndikawauze azungu zimene amadya. Ndinaona dothi, mayi. Dothi lofewa, ndi mtsinje, ndi zinzake zisanu zikusamba. Mapazi ake aja ndi simenti inawadya. Ndawatsuka ndi madzi a mchere m'mawa uliwonse zaka zisanu ndi chimodzi, osapola. Ndinabwera ndikudziwa kuti apite. Ndinkangoopa kunena, poti anthu a kwathu akanati ndagulidwa."

"Munauzako ndani?"

"Munthu mmodzi. Lachisanu lapitali."

"Anati chiyani?"

"Anakhala chete. Kenako Lamulungu anandiitana, ati wandikhululukira, ati tisadane chifukwa cha nyama. Ati tenga ichi ukamupatse mtsikana wako, kamba wa paulendo, umuuze kuti a ku Manje atsanzika."

Evelina anatulutsa pepala mu fayilo. Sanafune kutero, koma njira ina panalibe.

"Ndikuwerengerani zimene munthu wina wasayinira lero, 8:40 m'mawa. Mumvetsere mpaka kumapeto."

Anawerenga pang'onopang'ono, osawonjeza, osachotsa. Za maliro a ku Chilomoni. Za pa 28 Juni. Za Lamulungu, Misa yachiwiri itatha. Atafika pa mawu akuti bola afere m'manja mwanga, Ambrosi anatambasula dzanja.

"Ndione."

Ankawerenga movutika, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse, milomo ikugwedera. Atafika pansi anaima pa siginecha. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Inali siginecha yomweyo imene inali pa kalata yake ya ukwati.

"Za dzungu sananene?"

"Sananene."

"Paliponse?"

"Paliponse."

Ambrosi anabweza pepalalo ndi manja awiri. Kunja wina ankakangana ndi wapolisi za njinga yolandidwa.

"Lembani," anatero Ambrosi. Mawu ake anali ouma. "Lamulungu pa 13, itangokwana wani koloko. Pakhonde pake. Anakwera yekha pa mpando kulitsitsa... ayi. Silinali padenga ndi anzake. Linali kale m'nyumba, pa tebulo, lokutidwa ndi nsalu. Gregorio Alufandika. Lembani dzina lonse."

*

Sanafunike kukwera ku Manje. Itakwana hafu pasiti wani, nthawi imene achibale amabweretsa chakudya cha am'chitokosi, Gregorio anali pa kauntala ndi kontena ya mpunga wa nyemba ndi fulasiki ya tiyi, atavala jekete la ku tchalitchi.

"Cha Ambrosi Semba," anauza kositebo wa pa kauntala.

"Lawani kaye, bambo. Ndi lamulo."

Gregorio anatenga supuni, anadya kawiri, anamwa tiyi pa chivindikiro. Akupukuta pakamwa ndi pamene anaona Evelina akutuluka m'kachipinda kofunsira, Ambrosi ali pambuyo pake, wopanda nsapato.

"Mbale wanga," anatero Gregorio. "Limba mtima. Ndalankhula kale ndi loya wa ku parishi."

Ambrosi anaima mapazi atatu kuchokera pa kauntala.

"Ndinalisenza pamutu kuchokera ku Manje, achimwene," anatero. "Anthu akundiseka m'njira. Nditafika ndinamuitana. Anali kumapeto kwa khola, mapazi akumupweteka, koma anabwera. Ndinamuuza kuti ili ndi la kwa a Gregorio. Ndinatchula dzina lanu."

"Ambrosi, pano si malo ake."

"Anandigwira kumaso ndi chitamba asanadye. Ndinamuuza kuti idya."

Gregorio anayang'ana Evelina, anayang'ana fayilo ili m'manja mwake, kenako anayang'ana khomo. Kositebo anali ataima kale pamenepo.

"Sankayenera kufa," anatero motsitsa. "Chinyama cha matani atatu. Ankayenera kungodwala masiku awiri, lole ibwerere, atiitane tikambirane. Iwe unali utatigulitsa kale, Ambrosi. Anthu 412, iwe n'kukagwirizana ndi mtsikana wa Nkoloma uja kumbali. Ndikanatani?"

"Izo ndamva," anatero Ambrosi. "Munalakwitsa muyezo. Nanga pepala lija? Nalonso munalakwitsa muyezo?"

Gregorio anatseka kontena ya mpunga ija.

Evelina anamuuza mlandu wake ndi ufulu wake, n'kulemba nthawi: 1:38 masana, Lachitatu pa 16 Julaye. Kositebo anamuuza avule lamba, nsapato ndi kolona. Pamene ankamulowetsa, Gregorio anatembenuka.

"Ambrosi, mankhwala anga a shuga ali pa windo la kuchipinda. Ukauze mlamu wako."

Ambrosi anakhala pa benchi n'kuyamba kuvala nsapato zake, zimene kositebo anamubweretsera m'jumbo. Zingwe zinkamuvuta, ndipo anamanga n'kumasula kawiri.

"Mupita kunyumba, bambo Semba?" anafunsa Evelina. "Ndikupezereni galimoto."

"Ku Manje ndikapita, ndidutsa pakhomo pake. Njira ndi imodzi." Anaimirira. "Ndipita ku zuu. Akukumba dzenje anthu osamudziwa."

Anafika pakhomo, n'kuima, osatembenuka.

"Mankhwala ajawo, mayi, mutume wapolisi. Amamwa folo koloko. Ine ayi."